Ndamaliza mankhwala, ndipo nkhwani wakula

Achisale (South Bend):
Abale ndi alongo, ndakhala duu pagulu pano kuyambira mu Januwale. Mauthenga anu ndinkawerenga onse, kungoti mphamvu yoyankha ndinalibe. Lero mundilole nditalikitseko, amene muli pantchito muwerenga pa nthawi yopuma.

Masabata awiri apitawo anandichotsa kapampu komaliza kolowetsa mankhwala m'thupi. Maulendo onse 12 a mankhwala a khansa akwana. Sindikunena kuti ndachira, adokotala akuti tidikire kaye zithunzi za mu Sepitembala. Koma Lachiwiri lapitali, tsiku limene ndinazolowera kukakhala pa mpando uja wa kuchipatala, ndinadzuka m'mawa ndilibe kopita. Ndinangozungulirazungulira m'nyumba ngati nkhuku yosowa poikira.

Dzulo madzulo ine ndi mnyamata wanga tinapita ku bwalo la Four Winds Field kukaonera timu ya baseball ya South Bend Cubs. Masitepe ndinakwera ndekha, osagwiridwa mkono. Ndinagula madzi a ayisi n'kumwa, pakhosi osamva kanthu. Amene simunalandirepo mankhwala amenewa mwina muziti nanga madzi n'chiyani, koma ine kwa miyezi isanu ndi umodzi chinthu chozizira chinali mdani. Ukatulutsa botolo mu firiji wopanda magolovesi, zala ngati zagwidwa ndi magetsi. Ukameza madzi ozizira, ngati wameza mabotolo osweka. Ndiye ganizirani kuzizira kwa Febuluwale kuno ku America. Dzulo ndinamwa makapu awiri mpaka mwana n'kumandiyang'ana. Tinakhala mpaka makombola atatha.

Lero masana mayi a kunyumba aphika nsima, ndiwo zake nkhwani wotendera wa kuseri kwa nyumba. Ndadya mitanda iwiri. Dimba limenelo ine sindinagwirepo khasu. Mu Meyi ndili chigonere ndinangomva phokoso panja, posuzumira pawindo ndikuona anthu asanu ndi mmodzi a pagulu lino akugaula kapinga wanga osandipempha n'komwe. Pano maungu ayanga mpaka kukwera mpanda wa aneba.

Mayina sinditchula, ndingaiwale wina n'kulakwa. Zikomo abale anga.

Anaphiri (Mishawaka):
Ambuye alemekezeke achimwene! Ndawerenga ndili m'galimoto ndisanalowe kuntchito, pano maso ali psuu, anzanga aziti ndayambana ndi abambo. Koma mitanda iwiri yokha? Inu amene pa 6 Julaye chaka chatha munakokota poto mpaka mkute osatsala? Za kapinga musatiimbe mlandu, tinapempha kwa Anabanda, eni nyumba ndi iwowo.

Wa Maule (Elkhart):
Akulu, takondwa kwambiri, kwambiri. Koma funso langa ndi lakale lomwe lija. Munthu wadzuka pa mphasa ya matenda, malo oyamba kupita n'kukhala ku baseball? Masewero oti ukhoza kutuluka kukagula chakudya, kuimba foni kumudzi, kubwerako zinthu zikadali mmene unazisiyira. Ine anandipatsako tikiti yaulere kuntchito, ndinagona tulo tofa nato masewero asanafike pakati.

Anachisale (Area 25):
Achimwene, kuno yakwana 10 koloko usiku koma tulo tathawa. Amayi ndawawerengera zonse, angogwada pambali pa bedi n'kuyambitsa nyimbo. Akuti mitanda iwiri ndi chiyambi chabwino, mawa muonjezere. Akufunsanso kuti mpira wake ndi wotani umenewu woti mwana wawo, amene ankathawa sukulu kukaonera Silver Strikers, waukonda chonchi. Kuno ndi mphepo ya Ogasiti, fumbi lokhalokha, nkhwani ndi wa kudimba basi, kamulu kakang'ono koma mtengo wake osanena.

Achisale (South Bend):
Muwauze amayi kuti ndi raundasi ya akuluakulu. Mbali iliyonse anthu 9. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi. Akabwerera pamene anayambira, chigoli. Atatu akatulutsidwa mbali zimasinthana, ndipo mbali iliyonse ikamenya maulendo 9 masewero atha. Ulendo umodzi amautcha inning. Zigoli zikafanana amapitiriza mpaka wina agwe, zogawana mapointi kulibe.

A Maule, inenso ndinkaganiza ngati inu mpaka 2016. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, shifiti ya madzulo. Kunali mkulu wina wa zaka 88, makolo awo anachokera ku Poland monga ambiri a kumadzulo kwa tauni ino. Anagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto a Studebaker mpaka inatsekedwa mu Disembala 1963. Munthu wovuta, kusamba kukana, mankhwala kukana, anzanga ankachita kukankhizana kuti alowe ndani m'chipinda mwawo. Chowafewetsa chinali chimodzi, timu ya ligi yaikulu ya Chicago Cubs.

Iwo sankangoonera. Ankakhala ndi pepala la mizeremizere ndi pensulo, kulemba chilichonse chochitika m'bwalo. Manja atayamba kunjenjemera, mlembi ndinakhala ine, ndipo ndi mmene ndinaphunzirira. Malo aliwonse ali ndi nambala yake. Woponya ndi 1, wowakha kumbuyo kwa womenya ndi 2, wa pa ngodya yoyamba ndi 3, wa pa ngodya yachitatu ndi 5. Womenya akaphonya katatu umalemba K. Ukangoyamba kulemba tulo timatha, chifukwa umaona kuti woponya ndi womenya akusewera bawo, aliyense akuwerenga njomba za mnzake.

Timu yawoyo inali isanatenge chikho cha World Series kuyambira 1908. Iwo kubadwa 1928, kukula, kukwatira, kulera ana, kuika mkazi wawo m'manda, chikho osachiona. Kufika mu ndime yomaliza anakuona kamodzi ali wamkulu, mu 1945 ali ndi zaka 17, ndipo anagonja kwa Detroit. Ndiye mu 2016 afikamo, akumana ndi Cleveland. Chikho amatenga amene wayamba kupambana masewero anayi. Posakhalitsa Cleveland ili ndi atatu, Cubs amodzi. Mkulu uja anati taya pepalalo mnyamata, ine ndinazolowera. Sindinataye. Cubs inapambana awiri otsatizana, kwatsala amodzi omaliza, pa 2 Novembala ku Cleveland.

Shifiti yanga inatha 11 koloko koma sindinachoke. Cubs inali patsogolo 6 kwa 3, kenako mu inning ya 8 Cleveland inabweza zonse, womaliza Rajai Davis amene anautulutsira mpira kunja kwa mpanda. 6 kwa 6. Mkulu uja anatembenukira kukhoma. Itatha inning ya 9 kunagwa mvula, masewero n'kuima mphindi 17. M'mphindi zimenezo anandigwira dzanja n'kuyamba kunditchulira anthu amene anafa akudikira tsiku limeneli, bambo awo, mchimwene wawo, mkazi wawo, anzawo a ku fakitale, mmodzimmodzi ngati munthu wopereka nsembe pansi pa mpoza. Mvula itakata, Ben Zobrist anamenya mpira umene unabala chigoli, chinabweranso china, Cleveland inabweza chimodzi, 8 kwa 7. Mpira womaliza unagubuduka pang'onopang'ono kupita kwa Kris Bryant pa ngodya yachitatu, iye n'kuuponyera Anthony Rizzo pa ngodya yoyamba. Nthawi ili cha m'ma 1 koloko. Ine ndinaiwala kuti ndili pantchito, ndinakuwa mpaka anesi kuthamangira. Iwo ali phee. Anandilanda pensulo n'kulemba okha ndi dzanja lonjenjemeralo: 5-3. Anamwalira mu Febuluwale. Pepalalo mwana wawo wamkazi anandipatsa, lili m'Baibulo langa.

Chaka chino ndinamvetsa chifukwa chake okalamba ndi odwala amaukonda mpirawu. Timu iliyonse ya ligi yaikulu imasewera masewero 162, kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Sepitembala, pafupifupi tsiku lililonse. Kwa wodwala tsiku ndi lalitali, abale anga. Mpira wa kwathu umadikira Loweruka, uwu umabwera lero, mawa, mkuja. Ndinkagona chitsinzire, kapampu kali m'chiuno, wailesi pamutu, kumvera mawu a Pat Hughes, woulutsa masewero a Cubs. Tsiku limene zala zalola ndinkalemba ndekha. Zikachita dzanzi ankalemba mnyamata wanga, amene kale ukamuitana amayankha maso ali pafoni.

Abanda (Chicago):
Alamu, misozi yalengeza, ngakhale mukudziwa kuti ine ndi wa White Sox, timu ina ya ku Chicago, ndipo usiku umenewo ndinatseka mawindo onse kuti ndisamve phokoso. Koma mwabisa chinthu chimodzi. Mbuzi. Auzeni anthu za mbuzi. Mu 1945 mwini bala wina wa kuno, Billy Sianis, wochokera ku Greece, anapita ku Wrigley Field, bwalo la Cubs, ndi mbuzi yake, ataigulira tikiti yakeyake. Anamutulutsa, akuti mbuzi ikununkha. Mkuluyo anapsa mtima n'kutemberera timu, ndipo kwa zaka 71 sinapondenso mu World Series. Anthu ophunzira, a masuti, anafika pomabweretsa mbuzi kubwalo kuti achotse minyama. Ndiye wina azindiuza kuti zokhwima n'za kwathu kokha.

Wa Maule (Elkhart):
Hahaha ayi zimenezi sindinkazidziwa! Ife timu ikadumpha mpanda kuopa kulowera pageti amatiseka pa Facebook dziko lonse. Akanangotuma munthu kwathu, mlandu wa mbuzi imodzi sutenga zaka 71. Mbuzi yomweyo tikanaotcha kanyenya, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anaphiri (Mishawaka):
A Banda musatukule kwambiri mapewa. Timu yanu ija inagonja masewero 121 mu 2024, ana anga ankachita kuwerengera. Mbuzi yake inali iti?

Abanda (Chicago):
Ife tinatenga chikho mu 2005, Cubs isanalote. Za 2024 sitikamba, pagulu pano pali odwala.

Wa sukulu (Notre Dame):
Ankolo, ndasangalala kwambiri. A Maule muyesenso, kuyambira 2023 mu ligi yaikulu anaika wotchi yowerengera woponya masekondi, masiku ano masewero ambiri sakwana maola atatu. Komanso amayi a pagulu pano, tauni ino inali ndi timu ya akazi, South Bend Blue Sox, kuyambira 1943 nthawi ya nkhondo mpaka 1954, ndipo inatenga chikho mu 1951 ndi 1952. Ankasewera atavala masiketi afupiafupi, kugwa pa dothi miyendo ili pamtunda. Zovala ndi zithunzi zawo zili ku History Museum konkuno. Ine ndinaganiza za agogo anga ndi fulaye.

Anamwino (Granger):
Pepani ndikudulani nthabwala, tibwereranso. Achisale andilola kuti ndinene izi. Khansa yawo inali ya m'matumbo aakulu. Magazi anayamba kuwaona pochita chimbudzi mu Juni chaka chatha, koma anauza mkazi wawo mu Novembala. Miyezi isanu akunamizira tsabola wa kambuzi.

Abambo a pagulu pano, ndi amayi omwe, kuno kuyambira 2021 malangizo ndi akuti aliyense akafika zaka 45 akayezetse, ngakhale asakumva kupweteka paliponse. Kale zinali 50, anatsitsa chifukwa matendawa akupezeka kwambiri mwa anthu ocheperapo msinkhu. Kuyeza kwa colonoscopy amakugoneka tulo, n'kulowetsa kachubu kokhala ndi kamera. Akapeza tinthu tomera tisanasanduke khansa, amatidula nthawi yomweyo. Chowawa ndi dzulo lake basi, kumwa mankhwala otsuka m'mimba n'kugona pafupi ndi chimbudzi. Akapeza zonse zili bwino amakuuza kuti udzabwerenso pakatha zaka 10. Amene manyazi akukulirani, pali njira ina yotumiza kachimbudzi pang'ono ku labu chaka chilichonse. Ndikudziwa zimene mumakamba mukakhala panokha ku kanyenya, zoti mwamuna sagwiridwa kumeneko. Ine ndasamalirapo amuna amene anakana kamera ya mphindi 30 n'kudzavala thumba pamimba moyo wonse.

Anachisale, inu ndi abale ena a bere limodzi musadikire 45. Amene mbale wake wapezeka nayo amayenera kuyamba msanga, pa zaka 40 kapena kucheperapo. Mukapita kuchipatala mukanene kuti mchimwene wanu anapezeka nayo, ndipo ali ndi zaka zingati.

Malume (Berrien Springs):
Anamwino mwalankhula, ine ndinayezetsa kawiri ndipo ndikadali mwamuna. Koma popeza mwatsegula chitseko, ndiloleni ndinene chimene chandikhala pakhosi. Ine ndakhala kuno zaka zoposa 30. Munthu akamwalira, gulu lathu ndi la chitsanzo. Usiku umodzi ndalama zasonkhedwa, bokosi lakwera ndege, amayi agona pa siwa, nyimbo mpaka mbandakucha. Koma munthu yemweyo ali moyo, akubuula m'nyumba, lendi yamuthina, timangolemba kuti tikukupemphererani n'kuika timanja tiwiri. Kwa Achisale tinachita bwino, inde, koma tinayamba mu Marichi. Opaleshoni inachitika mu Januwale. Miyezi iwiri imeneyo tinali kuti? Mnzako akapsa ndevu umamuzimira moto ukadayaka, osati kubwera ndi madzi phulusa litazizira.

Msungichuma (South Bend):
Malume, ndi ulemu wonse, apa mwatilakwirako. Ife sitilosera. Tinamva mu Marichi chifukwa tinauzidwa mu Marichi. Ine ndinakumana ndi Achisale mu shopu mu Febuluwale atavala magolovesi awiri dzanja limodzi, ndinafunsa, anati ndi chimfine. Ndikanatani? Maliro sabisika, n'chifukwa chake timathamanga. Matenda anthu amakhala nawo m'chipinda, ena kuopa kuti nkhani ikafika kumudzi isanakwane nthawi, ena kuopa kuti anthu ayamba kunong'ona kuti ndi matenda aja. Thumba la odwala ndinalitchula pa msonkhano zaka ziwiri zapitazo, anthu anati tidzakambirana, mpaka lero.

Malume (Berrien Springs):
Ndiye tifunse kuti amabisiranji. Munthu sabisa kwa anthu amene akudziwa kuti asunga pakamwa. Koma za thumbalo mukunena zoona, ndipo mmodzi mwa amene anati tidzakambirana ndi ine. Liikeni pa msonkhano wa mwezi uno.

Anabanda (South Bend):
Musakangane, wolakwa ndi amene ali pambali pangayu, ndipo akuwerenga. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale achimwene anga a ku Chicago. Ndinasunga mpaka tsiku lina mu Marichi. Usiku kunagwa sinowo ya ku nyanja ya Michigan ija yofika m'mawondo, ine ndachokera ku shifiti ya usiku, 8 koloko akufunika kuchipatala, galimoto yakwiririka, ana akufuna kupita kusukulu. Ndinaima panja ndi fosholo n'kuyamba kulira ngati mwana. Ndinalowa m'nyumba n'kuwaimbira Anaphiri. Ndinati kaya akwiya akwiye, ine mutu umodzi denga ili landikanika.

Iwo akuti satchula mayina, ine nditchula. A Maule amene akunyoza baseball apawa, kuyambira tsiku limenelo sinowo ikagwa ankafika 5 koloko m'mawa kuchokera ku Elkhart, atagwira ntchito usiku wonse ku fakitale, kukokolola panjira n'kumapita osagogoda. Tinkangoona mapazi. Lachinayi lililonse lochotsa kapampu dalaivala anali iwo. Wa sukulu ankatenga ana kukawathandiza homuweki. Anamwino ndi amene anandiuza za lamulo la FMLA, loti ukhoza kupuma mpaka masabata 12 kusamalira mwamuna wako ntchito osakuthera, ngakhale salipira, ndipo masikuwo ukhoza kumawatenga apa ndi apo. Kuntchito kwanga palibe anandiuzapo, ankangondiyang'ana ndi diso lofiira ndikapempha tsiku. Anakhalanso nane pa tebulo kuwerenga mabilu mzere ndi mzere, tinapeza kuti china anatilipiritsa kawiri.

Ndipo si a kwathu okha. Mayi wina wachizungu wa kutchalitchi ankabwera Lolemba lililonse ndi mbale ya makaroni a tchizi. Odwala sankayandikira n'komwe fungo lake, koma ana ankachita kulimbirana. Aneba a ku Mexico, amene mpanda wawo wadzaza maungu athu, ankabweretsa msuzi wa nkhuku wothira mandimu. Koma chimene chinawasunga bambowa ndi phala la Anaphiri, la mgaiwa lothira nsinjiro, lofunda bwino. Mankhwala aja amachititsa kuti chilichonse chizimveka ngati ukunyambita chitsulo, supuni ya chitsulo ndiye kuonjezera. Anesi anati tigule masupuni apulasitiki. Ine ndinati ife nsima timadya ndi manja, vuto limenelo latichepera.

Wa Maule (Elkhart):
Alamu, zimenezo sizinali zolengeza. Ndinkangodutsa. Tiyeni tikambe zina. Amene akudziwa kumene ndingapeze chimanga chenicheni chootcha andiuze. Ichi cha sweet corn akugulitsa m'mbali mwa misewu ndachiyesa pa makala, chikungofota, kutsekemera ngati nzimbe, m'mano osamva kanthu. Ine ndikufuna mondokwa woti nsagwada zidziwe kuti zagwira ntchito.

Anaphiri (Mishawaka):
Kungodutsa kuchokera ku Elkhart 5 koloko m'mawa ndi fosholo m'galimoto, chabwino tamva.

Malume (Berrien Springs):
Mwana wanga, chimene ukufunacho chakuzungulira mbali zonse. Minda yonse ukuiona m'mbali mwa msewu kuyambira Indiana mpaka kuno si sweet corn ayi, n'chimanga cholimba chodyetsa ng'ombe ndi nkhumba, china amapangira mafuta a galimoto. Chimenecho ukachipeza chikadali ndi mkaka, sabata zino zomwe, n'chimodzimodzi cha kwathu, kungoti n'chachikasu. Usakathyole wekha, kuno munda wa munthu salowamo mwachisawawa. Ine ndili ndi mlimi amene ndinamupempha zaka zapitazo. Anaseka mpaka kugwira bondo, akuti ukufuna kudya chakudya cha ng'ombe? Chaka chilichonse amandilola mizere iwiri ya m'mphepete, ndipo chaka chatha analawa chootcha ndi mchere ndi tsabola, anatenga chachiwiri. Ndikachiona chikasu chimenechi ndimakumbuka chilala cha 1992, pamene tinkaima pamzere kulandira chimanga chachikasu chochokera kunja, ana n'kumakana nsima yake. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzakhala pakati pa minda yake n'kumachipempha mwaulemu.

Anachisale (Area 25):
Alamu anga Anabanda, ndilibe mawu. Ife kuno tinkangomva kuti ali bwino, ali bwino. Mulungu akudalitseni nonse amene ndikukudziwani ndi amene sindikukudziwani. Anamwino ndamva, ndipita. Koma ndifunse, nsinjiro mumazipeza kuti kumeneko? Mtondo muli nawo?

Anaphiri (Mishawaka):
Mtondo wake uti achemwali, aneba angaitane apolisi. Ena amagaya mtedza wosakazinga m'kamakina ka magetsi, koma uzigaya pang'onopang'ono, ukapitiriza umasanduka chiponde. Ine masiku otopa ndimangothira peanut butter, koma muzionetsetsa pa botolo kuti ndi mtedza ndi mchere basi. Wina uja wothira shuga ndinaphikirapo alendo, nkhwani kukoma ngati keke, manyazi ake sindidzaiwala.

Nkhwani wa kuno ndimathyola m'mawa dzuwa lisanawawe, masamba atatu a kunsonga okha, aakulu aja ndi olimba. Kusadzula bwinobwino, kutsuka kawiri, madzi pang'ono, mchere, kasoda kunsonga kwa supuni. Ukafewa, matimati, kenako nsinjiro pamwamba, kuvundikira osatakasa kaye mpaka nsinjiro zipse. Anyezi ine sindithira, amene amathira ndi nkhani yawo. Mukapeza timaungu tanthete ndi maluwa ake ponyanimo. Ndipo musadye wonse lero, Okutobala sali kutali, chisanu chikangogwa usiku umodzi dimba lonse lakuda bii. Ine ndimawiritsa pang'ono, kufinya, kuika m'timapepala tapulasitiki n'kusunga mu firiji youmitsa. Mfutso wa dzuwa kuno umavuta, mpweya wa Ogasiti ndi wonyowa, umachita nkhungu usanaume.

Bonongwe ndiye musagule mbewu. Alimi a kuno amamutcha pigweed, amawononga ndalama zambiri kulimbana naye. Koma musatole wa m'mbali mwa minda yawo, amapoperamo mankhwala. Wa kuseri kwa Achisale anamera yekha, ndinawauza anyamata kuti amene amuzule ayankha kwa ine.

Abanda (Chicago):
Za ufa bwanji? Ine chaka changa choyamba ndinagula Maseca kuganiza kuti ufa ndi ufa. Nsima yake inanunkhira tortilla, ndinadya ndi misozi. Anandiuza pambuyo pake kuti chimanga chake amayamba achiphika ndi laimu.

Anabanda (South Bend):
Achimwene, imeneyo munatidyetsanso ife titabwera kudzakuonani, musaiwale. Ufa woyera ulipo ku mashopu a zakudya za ku Africa, ndikusungirani thumba. Nsomba timagula tilapia yathunthu ku shopu ya anthu a ku Mexico, kuidula mizere, mchere, mandimu, adyo, pa makala. Si chambo, koma ukatseka maso umafika pa Salima.

Achisale (South Bend):
Mwandiulula mokwanira, ndavomera milandu yonse, wa kambuzi womwe. Malume ndi a Msungichuma, thumba la odwala likayamba woyamba kuponya ndine, ndipo pa msonkhanopo ndidzaima ndinene ndekha zimene ndinabisa, kuti wina asadzachite uchitsiru wangawu. Tsopano tamverani. Nkhwani wachuluka, sititha tokha, ndipo agologolo ayamba kale kuboola maungu. Bwerani Loweruka likudzali tidzaotche kuseri kuno.

Malume (Berrien Springs):
Loweruka ndi Sabata mwana wanga, theka la gulu lino lili kutchalitchi. Lamulungu. Chimanga cha ng'ombe ndibweretsa ine. Nkhumba isayandikire pa waya wanga.

Achisale (South Bend):
Pepani Malume, Lamulungu. Ndiye zakhala bwino, chifukwa South Bend Cubs ikusewera pakhomo masana ake. Amene akufuna tipite kaye ku mpira, makala tiyatsa pobwera. A Maule, tikiti yanu ndagula kale, pensulo ndi pepala ndikupatsani pageti.

Wa Maule (Elkhart):
Ndibwera chifukwa cha ulemu wa odwala. Koma ndikagona musandijambule. Ndipo jezi ndivala yofiira.

Anabanda (South Bend):
Amene mukubwera, chonde dzatengeni ziwiya zanu. M'galaja muli mbale zapulasitiki zodzaza katoni, zina zalembedwa mayina zina ayi. Palinso poto wamkulu wabuluu wothyoka chogwirira chimodzi, anabwera ndi nyemba mu Epulo, tinangomupeza pakhomo. Ndafunsa anthu asanu onse akukana.

Msungichuma (South Bend):
Ndi wa mayi a kunyumba ameneyo. Akhala akumufuna kuyambira Epulo, ine ndinawauza kuti mwina anasochera ku phwando la Khirisimasi. Musamuike poonekera, ndidzamutenga mwakachetechete.

Anaphiri (Mishawaka):
A Msungichuma, akazi anu ali pagulu pomwe pano.